Bolodi limodzi litapsa: zomwe ndinakumana nazo poyendetsa kalabu ya maloboti ku Salima

Ndimaphunzitsa sayansi ndi masamu pa sekondale ina yoyendera kuno ku Salima. Sukulu zitangotsegulira mu Sepitembala 2023, bungwe lina linatibweretsera katoni ya zida zopangira maloboti: mabolodi atatu a Arduino Uno (timakompyuta tating'ono tolamulira loboti), mamota achikasu aja okhala ndi magudumu, tizida toyendetsera mamota totchedwa L298N, masensa (tizida tozindikira zinthu monga kuwala), mabatire a lithium a 18650, mawaya, ndi laputopu imodzi yogwirapo kale ntchito. Aphunzitsi a sukulu zingapo anatiitanira ku Lilongwe kukatiphunzitsa kulumikiza zinthuzi ndi kulemba pulogalamu. Zimenezo tinaphunziradi. Koma za momwe ungachitire mwana akalakwitsa, kapena gulu lonse likakakamira pa vuto, panalibe anazitchula, ifenso sitinafunse. Tinkati zimenezo ndiye tikuzidziwa kale, si ndife aphunzitsi? Ndikulembera anzanga amene zida ngati izi zikukufikani tsopano, kaya ndinu aphunzitsi, a ku tchalitchi kapena kumzikiti, kaya achinyamata ongodzipereka.

Katoni ija inabwera ndi mantha. Ahedi anandisainitsa pepala lowerengera chilichonse mpaka tiwaya, n'kundiuza kuti kanthu kakasowa kapena kuwonongeka ndidzayankha ndine. Sindiwadandaula, nawonso anali atasainira kwa eni zida. M'mashopu a pa Kamuzu Road kuno ku Salima mupeza machaja, mabatire a foni, mababu ndi mapanelo a sola, koma Arduino ine sindinaipezepo. Ikafunika ndiye kuti ulendo wa ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 100, ndipo ukhoza kufika n'kumva kuti zatha.

Ndiye kalabu yathu inkayenda chonchi. Lachitatu tikaweruka, ana pafupifupi 20 ankadzaza m'kalasi ya Fomu 3, ine n'kukatenga katoni m'kabati ya mu ofesi. Zida ndinkaziyala patebulo langa. Wolumikiza ndine, wolemba pulogalamu ndine, ana ataima mozungulira, ena atakwera pa madesiki kuti aone. Ndikafunsa kuti “Mwamva?” onse pamodzi, “Eya Sala.” Mphunzitsi aliyense wa kuno akudziwa kuti yankho limeneli ndi ulemu chabe. Mwana woleredwa bwino sauza wamkulu kuti simunafotokoze zomveka.

Chidwi anali nacho anawa. Ambiri ankaidziwa nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene ali ndi zaka 14 anapanga makina amphepo opangira magetsi ndi zidutswa za njinga ndi zitsulo zotola. Ena anali ataonera pafoni mpikisano wa maloboti wa FIRST Global, umene unayamba mu 2017 ku Washington. Ena amadutsa pa Nanjoka pomwe pali mapanelo a sola opanga mamegawati 60, ndipo ankandifunsa mafunso amene ena mwa iwo ndinkachita kukawafufuza kunyumba. Nkhani ya Kamkwamba ndinkaikonda kuwakambira, osaona kuti mnyamata wotero mu kalabu yangayi sakanaloledwa kugwira ngakhale sikuludiraiva.

Tsiku lina mu Okutobala, kutentha kwa kuno kutafika poti malata akulira okha, ndinaitanidwa ku ofesi kalabu ili mkati. Patebulo ndinasiya kagalimoto kathu katatsala pang'ono kutha, kongofunika batire. Mtsikana wina wa Fomu 2, amene nthawi zonse ankaima kutsogolo kwenikweni maso ali pa manja anga, anaganiza zomalizitsa. Amene muli ndi bolodi la Uno pafupi, tayang'anani mbali yomwe kuli mabowo a magetsi. Alembedwa motsatana: 3.3V, 5V, GND, GND, VIN (V ndi mavoti, muyeso wa mphamvu ya magetsi; GND ndi polowa waya wa negativu). Mabatire awiri a 18650 olumikizidwa motsatizana amapereka 7.4V, ndipo akangochoka pa chaja amafika 8.4V. Magetsi otere malo ake ndi pa VIN, pomwe amayamba adutsa m'kachida kowatsitsa kufika pa 5V. Bowo la 5V limapita molunjika ku kachipi ka ATmega328P, kamene sikapirira zopitirira 6V. Pakati pa bowo loyenera ndi bowo loopsa pali mabowo awiri okha, zilembo zake zing'onozing'ono. Mwanayo analowetsa waya wofiira pa 5V.

Pobwerera ndinalandiridwa ndi kafungo kowawa ka pulasitiki wopsa, m'kalasi muli zii. Mtima unagunda nditakumbukira pepala lija ndinasaina. “Wakuuza ndani kuti ugwire? Ukudziwa mtengo wake iwe? Kwanu angakwanitse kulipira zimenezi?” Ndinakweza mawu mpaka a kalasi ina anasuzumira pawindo. Mwanayo anangoti “Pepani Sala,” maso ali pansi, waya wofiira uja adakali m'manja. Anyamata ena kumbuyo anayamba kuseka chapansipansi, ndipo ndinawasiya. Panthawiyo sizinandifike m'mutu kuti kusiyana kwa 5V ndi VIN ndinali ndisanakutchulepo n'kamodzi komwe. Batire ndinkalumikiza ndekha, mwachangu, chala changa chitaphimba bowolo.

Sabata yotsatira mtsikanayo sanabwere, ndi anzake awiri amene ankayenda naye. Pasukulu anali atamupatsa kale dzina lomuseka. Otsalawo anaphunzira phunziro limodzi lokha, loti zida za Sala sagwira. Ndikawapatsa waya ankabweza manja kumbuyo, “Yambani ndinu Sala.” Teremu yonse yoyamba inathera pomwepo, ine kulumikiza, iwo kuwomba m'manja kagalimoto kakayenda.

Kupeza bolodi lina kunali mavuto enanso. Komiti ya makolo inapereka kangachepe, ine n'kuwonjezera ya m'thumba. Mnzanga wa ku Lilongwe amene amaitanitsa katundu ku China anavomera kutiikira awiri m'katundu wake. Tisanamalize kusonkha, mu Novembala ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ndalama imene tinkati ikwana mabolodi awiri inangokwana limodzi. Linafika chaka chatsopano chitalowa, mvula ili pakati, n'kuwonjezeraponso ya minibasi yokalitenga. Mukamalandira zida, funsani tsiku lomwelo: chinthu chikapsa ana akuphunzira, alipira ndani, ndipo china chichokera kuti? Funsani eni zida ahedi ali pomwepo, mulembane. Mabungwe amakonda kuwerenga mabolodi amene apereka, koma kalabu ya ana imadya mawaya, ma LED (timababu tating'ono), mamota, nthawi zina bolodi lathunthu, ndipo zimenezi ziyenera kukhala m'ndondomeko ya ndalama kuyambira pachiyambi. Ukali wathu wambiri pa anawa umachokera pamenepa. Munthu amene akudziwa kuti m'kabati muli bolodi lina lapadera sakalipa ngati amene akuwerengera malipiro ake a mwezi.

Maso anga anatseguka kwa bambo wina wokonza mawayilesi kumsika. Chaja ya laputopu inayamba kuvuta, ndiye ndinakhala pa benchi lawo kudikira. Anali ndi kamnyamata kophunzira ntchito, kakulimbana ndi wayilesi ya munthu.

“Amalume, iyi yafa.”

Bambowo sanadzutse mutu n'komwe. “Wayeza pati?”

“Sindinayeze, koma sikuyaka.”

“Tenga mita. Yambira pa batire uzibwera nawo magetsiwo. Pomwe akusowera undiuze.”

Mnyamata uja anayenda ndi timiyendo ta mita yoyezera magetsiyo pang'onopang'ono, akutchula manambala, mpaka anapeza kawaya kothothoka pa switchi. Bambowo anangoti, “Ndiye yafa?” Onse anaseka. Pansi pa tebulo panali katoni ya mabolodi akufa, a mawayilesi ndi ma TV, ndipo anandiuza kuti wophunzira aliyense amayambira m'menemo kuwotcherera ndi kuchotsa tizida, poti mulibe choti awononge. Koma patapita kanthawi mnyamatayo anatambasula dzanja kulowetsa mu TV yakale yotsegula kumbuyo, bambowo anakuwa mawu amodzi amene anandidzidzimutsa ndi ine ndemwe. TV zoterezi zimasunga magetsi oopsa ngakhale utazizula pakhoma. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanakalipire pa wayilesi paja koma apa. “Aphunzitsi,” anatero, “wayilesi ikapsa mwini wake tikambirana naye. Nanga mwana wa eni ake akagwa pano ndikambirana ndi ndani?” Tsiku limenelo ndinabwerako ndi mita yakale imene anandigulitsa motchipa, ndi mabolodi akufa odzaza jumbo.

Kwa mtsikana uja ndinachedwa kupitako, ndipo kuchedwako kunali manyazi basi. Amakhala ndi agogo ake aakazi cha ku Senga Bay, ogulitsa usipa. Ananditandikira mphasa, tinalonjerana, ndisananene chomwe ndadzera agogowo anayamba kumasula mfundo ya pa chitenje chawo. Munali ndalama zopindapinda. “Aphunzitsi, tamva kuti mwanayu anawononga makina a boma. Sizinakwane, koma landirani kaye izi.” Kuyambira Okutobala anali akupatula pang'onopang'ono pa malonda awo, ndipo ndi iwo anamuletsa mwanayo kubweranso ku kalabu kuopa kuti angawotchenso china. Mawu anga aja, oti kwanu angakwanitse kulipira, anafika kunyumba ngati ngongole. Ndinawapempha agogo amange mfundo yawo, n'kuwafotokozera kuti palibe amene alipire. Sanakhulupirire msanga. Pasukulu mwana akaswa windo makolo amalipira, nanga makina?

Kuyambira pamenepo mwana aliyense wolowa kalabu amatenga kalata ya m'Chichewa yopita kwa makolo, yosainidwa ndi ahedi, yonena tsiku ndi nthawi yomwe timakumana, nthawi yoweruka kuti atsikana asamayende mdima, komanso kuti chida chowonongeka pophunzira salipiritsa. Mtsikanayo anabwerera. Popeza ndinamukalipira pagulu, ndinanenanso pagulu kuti za VIN ndinali ndisanawaphunzitse, ndipo dzina lomuseka lija ndisalimvenso. Anzake awiri aja sanabwerenso mpaka lero.

Teremu yachiwiri tinayamba mwatsopano, ndipo malamulo okhwima ndinawachepetsa kukhala a zinthu zovulaza munthu basi. Batire la lithium ukaligunditsa mbali zake ziwiri ndi waya limatentha mwamsanga ndipo likhoza kuyaka moto, choncho silisungidwa m'thumba limodzi ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo, silisiyidwa padzuwa, silitchajidwa ine palibe, ndipo lotupa kapena long'ambika chikopa silibwereranso m'katoni. Chitsulo chowotcherera chili ndi malo ake ndipo sachiyendetsa m'kalasi. Magetsi a pakhoma, 230V, mwana sawayandikira. Pa izi ndimakuwa, ndipo ndinawauziratu kuti ndidzakuwa, asadzati Sala amandida. Chinanso chimene ndimachidula pomwepo ndi kusekana. Zina zonse ndi zoti tikambirane.

Pofuna kuteteza mabolodi popanda kulanda ana mawaya, tinagwirizana kuti batire limalowa pomalizira, ndipo lisanalowe wa gulu lina abwere ndi chojambula chawo m'manja, atsate waya uliwonse ndi chala akutchula mokweza kumene wachokera ndi kumene wapita. Pambali pa bowo la VIN tinadonthezapo utoto wofiira wa m'zikhadabo. Chiyambireni zimenezi tawotcha ma LED ambiri, makamaka poiwala resistor (kachida kochepetsa magetsi), ndi mota imodzi, koma bolodi ayi. Ntchito nazo timasinthana sabata ndi sabata. Mukawasiya okha, anyamata amathamangira sikuludiraiva ndi laputopu, atsikana n'kutsala ndi kope ndi tsache, ndipo palibe amene amadandaula chifukwa kunyumba n'chimodzimodzi. Ine poyamba sindinkaziona n'komwe.

Kope limenelo lasanduka chida chathu chachikulu. Gulu likandiitana kuti “Sala, sizikuyenda,” ndimafunsa zomwe amayembekezera kuti zichitike, zomwe zachitika, ndi chimene asintha komaliza. Kenako funso la bambo a mawayilesi aja: mwayeza pati? Kawirikawiri asanamalize kuyankha mmodzi amakuwa kuti waona. Ndimalankhula za chinthucho, osati za mwanayo: “gudumu lakumanzere silikulandira magetsi,” osati “walakwitsanso.” Ndipo ndimakhala pansi pambali pawo, chifukwa mphunzitsi akaima pamwamba pa mwana, mwanayo amasiya kuganiza za loboti n'kuyamba kuwerenga nkhope ya mphunzitsi.

Koma apa ndinapitiriranso malire. Nditakondwa ndi njira yofunsa mafunso, ndinayamba kukana kuyankha chilichonse. Gulu lina linavutika masabata ndi mamota amene ankangonjenjemera osazungulira bwino. Anali atapatsa bolodi magetsi kuchokera ku laputopu, L298N kuchokera ku batire, osalumikiza GND ya mbali ziwirizo. Popanda waya umenewo, chizindikiro chochokera ku Arduino chilibe poyerekezera. Ine ndinkadziwa, koma ndinkangoti “ganizani bwino.” Mnyamata wina wa Fomu 3 anatopa nane, “Sala, ngati mukudziwa tangotiuzani, dzuwa likulowa.” Ankanena zoona. Pali zinthu zimene mwana sangazitulukire ndi kuganiza ngakhale atakhala wanzeru bwanji, chifukwa ndi zongogwirizana anthu kapena zofuna chidziwitso chimene sanachipezebe: kuti mabolodi otchipa ambiri amafuna kapulogalamu kotchedwa driver ya CH340 kuti laputopu iwaone, kuti mzere wa pulogalamu umatha ndi semicolon (;), kuti mu pulogalamu = ndi == si chinthu chimodzi, kuti GND iyenera kukhala imodzi. Zoterezi muuzeni mwachidule, mumuonetse kamodzi, achitenso yekha inu mukuona. Kumubisira kumangomutopetsa.

Pomwe kudekha kunapindula ndi pa loboti yotsata mzere. Tinamata tepi yakuda pa pepala loyera, pansi pa kagalimoto n'kuikapo masensa awiri a infrared. Kachidaka kamatulutsa kuwala kosaoneka ndi maso n'kuyeza kuchuluka kwa kumene kwabwerera; choyera chimabweza kwambiri, chakuda pang'ono. Loweruka m'mawa loboti inkatsata mzere bwinobwino. Lachitatu masana inkafika pa ngodya ina n'kusochera. Ana anasintha pulogalamu, kusintha mamota, mpaka kunamizirana kuti wina wagwira. Ndinawapempha chinthu chimodzi chokha: pa kuyesa kulikonse alembe nthawi, malo pamene yasochera, mphamvu ya batire, ndi nambala imene sensa ikuwerenga, yomwe pa Arduino imayambira 0 kufika 1023. Kope litadzaza masamba angapo, mtsikana wa bolodi lopsa uja ndi amene anaona kuti ngodya yovutayo ndi yomwe dzuwa la masana limagwerapo kudzera pawindo. Dzuwa lili ndi infrared yambiri, ndipo la ku Salima silichita kunyengerera. Anaimika mnzake pawindo atatambasula chitenje, loboti n'kudutsa. Mawa lake anabwera ndi katoni ya sopo n'kudula kasiketi kotchinga masensa. M'kope momwemo anapezanso kuti batire likatsika kuchoka pa 8.4V kufika cha m'ma 7V, loboti imakhota moperewera. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekhako kunali kowawa, chifukwa za dzuwazo ndinali nditazikayikira kalekale ndipo lilime linkandiyabwa.

Teremu yachitatu kunakonzedwa chionetsero cha sukulu zimene zinalandira zida. Panthawiyi tinali ndi wotithandiza, mnyamata wa konkuno amene anali atangomaliza maphunziro a zaumisiri ku yunivesite. Ana ankamukonda, ankamutchula kuti Ankolo, ndipo pulogalamu ankaidziwa kuposa ine kutalitali. Madzulo oti mawa ndi chionetsero anapempha laputopu kuti akaitchaje kwawo. Kumeneko anaona pulogalamu ya ana, yautali, yobwerezabwereza, ndipo mtima sunamulole. Anailembanso yonse ndi njira ya masamu yotchedwa PID, imene imachititsa loboti kukhota mofewa osagwedezekagwedezeka. M'mawa anationetsa m'kalasi, ndipo kunena zoona inkayenda mokongola.

Kuholo kuwala kunali kwina, mawindo akuluakulu mbali zonse. Loboti inangoyenda pang'ono n'kutuluka mu mzere. Ana ankadziwa chochita: kuyeza nambala ya pa choyera ndi ya pa chakuda pamalopo, kutenga ya pakati, n'kuisintha mu pulogalamu. Atatsegula laputopu sanapeze mzere wa pulogalamu yawo wokhala ndi nambalayo. Zonse zinali zachilendo. Akuluakulu sitinkaloledwa kufika pa tebulo, ndiye tinkangoonera patali ana akuyang'anana, m'modzi misozi ili m'maso. Ulendo woyamba unawadutsa. Chinawapulumutsa ndi chizolowezi chosunga pulogalamu ya tsiku lililonse pa fulashi. Anabwezeretsa yawo yakale, kuyeza, kusintha nambala, ndipo ulendo wachiwiri loboti inamaliza mzere, pang'onopang'ono, ikugwedeza mutu uku ndi uku. Sitinapambane. Oweruza atawafunsa za kasiketi ka katoni ya sopo, analankhula mpaka kuchita kuwadula.

Wotithandiza uja ndinalankhula naye tili awiri pobwerera, osati pamaso pa ana. “Achimwene, pulogalamu yanu inali yabwino kuposa yawo, zimenezo palibe angatsutse. Koma inu simukanaloledwa pa tebulo paja.” Anakhumudwa, masabata angapo sanaoneke, kenako anabwera yekha ndi pempho loti aphunzitse PID pang'onopang'ono kwa amene akufuna. Tinagwirizana kuti wamkulu aliyense, ine ndemwe, sasintha kanthu pa loboti ana palibe. Mukalandira wodzipereka waluso, muuzeni zimenezi tsiku loyamba, chifukwa amene amadziwa kwambiri ndi amene manja amamuyabwa kwambiri.

A Fomu 4 atapita kukalemba MSCE, chaka chotsatira ndinapereka ana atsopano a Fomu 1 m'manja mwa akuluakulu a kalabu kuti aziwaphunzitsa. Sabata yoyamba yomwe ndinamva mnyamata wina akulanda waya kwa kamwana, “Bweretsa kuno, iwe uwotcha.” Ndinamuitanira panja titaweruka n'kumufunsa kuti iye anaphunzira bwanji kulumikiza L298N. Anaseka, wamvetsa. Tsopano wophunzitsa mnzake amagwira pensulo yolozera, waya amagwira wophunzirayo. Ena zimawavutabe, ndipo ndimayenera kubwereza teremu iliyonse.

Vuto limene sitinalithetse ndi laputopu. Idakali imodzi yomwe ija, batire lake silisunganso moto, ndiye magetsi akathima Lachitatu masana pulogalamu sitikweza. Masiku oterowo magulu amalemba pulogalamu m'makope, n'kusinthana kuti anzawo aiyendetse ndi pakamwa, mwana mmodzi akuyenda pa simenti ngati loboti, kutsata ndendende zimene zalembedwa. Akagunda khoma, eni pulogalamu amatenga kope lawo n'kukafufuza mzere umene wamugunditsa.